Mmene mungawerengere makomiki akale a Jack Kirby osasokera: kuchokera kwa Thor mpaka kwa Eternals

Anthu ambiri ofuna kuwerenga makomiki akale a Thor amapunthwa pamalo awiri. Ena amafufuza Thor nambala 1, n'kupeza mabuku angapo onse olembedwa nambala 1, n'kungotolapo limodzi, kenako n'kumadabwa kuti nkhani yayambira pakati. Ena amayambira ku chiyambi chenicheni, mu 1962, koma asanapite patali atopa kale, akuti zamakedzanazi n'zachibwana. Onsewa alakwitsa chinthu chimodzi: akutsatira dzina la ngwazi m'malo motsatira dzanja la wojambula.

Wojambulayo ndi Jack Kirby wa ku New York, amene anabadwa mu 1917 n'kumwalira mu 1994. Ndiye anatenga milungu ya m'nthano za ku Scandinavia n'kuikweza m'zombo za mumlengalenga. Nkhani imeneyi anaiyamba ku kampani ya Marvel, anasamuka nayo kupita ku DC, kenako anabwerera nayo ku Marvel komweko. Njira yake ndi iyi.

Zofunika kukhala nazo

- Makomikiwo. Mutha kuwawerenga pa intaneti kudzera pa Marvel Unlimited, imene amalipira pamwezi kapena pachaka, kapena m'mabuku osonkhanitsa nkhani zakale monga Epic Collection, Marvel Masterworks ndi Omnibus. DC ili ndi yake yotchedwa DC Universe Infinite, koma siigwira m'mayiko onse, ndiye yambani mwaona ngati imagwira kumene muliko musanalipire.
- Tabuleti kapena kompyuta. Foni imathandiza, koma ndi yaing'ono pa zithunzi za Kirby.
- Kakope ndi cholembera, zolembera manambala amene mwawerenga ndi mayina a anthu a m'nkhani.
- Buku lililonse lalifupi lofotokoza nthano zenizeni za milungu ya ku Scandinavia.
- Chingerezi chokwanira kuwerengera nyuzipepala. Makomikiwa analembedwa m'Chingerezi, ndipo milungu ya ku Asgard, kwawo kwa Thor, imayankhula chachikale.

Sitepe 1: Dziwani mmene manambala akuyendera

Thor wa Kirby alibe nambala 1. Anatulukira koyamba m'magazini ina yotchedwa Journey into Mystery, nambala 83, ya August 1962, ndipo ntchitoyo anaigwira ndi Stan Lee, mng'ono wake Larry Lieber, ndi Kirby. Magaziniyo inapitirira ndi dzina lomwelo mpaka nambala 125. Mu March 1966 anangosintha dzina n'kukhala Thor, koma manambala anapitiriza pomwepo, pa 126. Choncho Journey into Mystery 125 ndi Thor 126 ndi nkhani imodzi yotsatizana.

Lembani pa tsamba loyamba la kakope kanu zinthu izi: Journey into Mystery 83 mpaka 125, Thor 126 mpaka 179. Apo ndiye malire a nthawi ya Kirby, amene anachoka mu 1970.

Chenjezo: Marvel inayambitsanso Thor pa nambala 1 kangapo, monga mu 1998, mu 2007, mu 2014, mu 2018 ndi mu 2020. Pofufuza, onani chaka chimene chalembedwa pambali pa dzina. Mukufuna Thor wa 1966. Journey into Mystery mumupeza ali ndi chaka cha 1952, chifukwa magaziniyo inayamba kalekale ngati ya nkhani zoopsa, Thor asanabwere.

Sitepe 2: Werengani ziwiri zoyambirira, kenako lumphani

Werengani nambala 83. Dokotala wolumala mwendo, Donald Blake, ali patchuthi ku Norway, akuthawa zilombo zamiyala zochokera ku Saturn, n'kulowa m'phanga. Mmenemo akupezamo ndodo, ndipo ataimenyetsa pamwala ndodoyo ikusanduka nyundo, iye n'kukhala Thor. Mukuona kale kusakaniza kwake: mulungu wa m'nthano zakale, adani ake a m'zombo zouluka. Gwirani lamulo limodzi limene likhale likubwerabwera: nyundo ikachoka m'manja mwake kupitirira masekondi 60, amabwerera kukhala Blake.

Werenganinso nambala 85, mmene Loki, mdani wamkulu wa Thor, ndi Asgard akuonekera koyamba.

Mukatero, lumphani. Nkhani zambiri za pakati pa 86 ndi 100 ndi zazifupi, zina anajambula ndi anthu ena monga Joe Sinnott ndi Don Heck, ndipo Thor amangolimbana ndi zigawenga, akazitape ndi asilikali achikomyunizimu. Mudzabwererako mukadzakonda ngwaziyi. Kuyambira pa 101 Kirby anakhazikika pa ntchitoyi, koma moto weniweni ukuyaka pa 114, ya mu 1965, pamene Loki akupatsa mphamvu mkaidi wina, Crusher Creel, kuti thupi lake lizisanduka chilichonse chimene wakhudza. Kuchokera apo nkhani sizikuthanso m'nambala imodzi. Iliyonse ikugwirana ndi inzake, ndipo simuyeneranso kudumpha.

Sitepe 3: Musadumphe masamba akumapeto

Kuyambira pa Journey into Mystery 97, ya October 1963, mpaka pa Thor 145, kumapeto kwa nambala iliyonse kuli kankhani ka masamba asanu kotchedwa Tales of Asgard. Ambiri amakatenga ngati kodzazira malo. Ayi ndithu, muzu wa zonse uli mmenemo. Tinkhani toyambirira timafotokoza chilengedwe monga mmene nthano zakale zimanenera: chimphona cha madzi oundana Ymir, ng'ombe imene inanyambita madzi oundanawo mpaka munatuluka kholo la milungu. Kenako timafika pa ubwana wa Thor ndi Loki, ndipo pa 119 mukumana ndi Fandral, Hogun ndi Volstagg, anzake atatu a Thor, amene m'nthano zenizeni mulibe.

Ngakhale mwalumpha nkhani zikuluzikulu za pakati pa 97 ndi 113, tinkhani takumapetoti tiwerengeni tonse. N'tatifupi.

Ikani chizindikiro m'kakope pa Thor 127 ndi 128. Mmenemo mlosi wamkazi akuonetsa Ragnarok, kutha kwa milungu: Asgard akupsa, onse akufa, ndipo pa phulusa lake pakudzuka mtundu watsopano. Masamba amenewa mudzawafuna pa Sitepe 7.

Sitepe 4: Werengani pakatikati penipeni, 126 mpaka 169

Apa ndiye poyenera kukhalitsa. Ngati nthawi kapena ndalama zikukuchepelani, werengani apa pokha.

Kuyambira 126 mpaka 130 ndi za milungu yokhayokha. Thor akumenyana ndi Hercules wa nthano za Agiriki, ndipo akugonja chifukwa bambo ake, Odin, amulanda theka la mphamvu zake. Hercules, potengeka ndi kutchuka, akupita ku Hollywood n'kusayina pangano limene akuganiza kuti n'lochita nawo filimu, osadziwa kuti mkulu wa filimuyo ndi Pluto, mwini dziko la akufa, ndipo panganolo likumumanga kuti akalamulire kumeneko m'malo mwa Pluto. Amene akupita kukamumenyera nkhondo ndi Thor yemwe uja anachititsidwa manyazi.

Ndiyeno nkhani ikutembenuka mwadzidzidzi. Mtsikana amene amakhala nyumba imodzi ndi namwino Jane Foster (bwenzi la Thor), dzina lake Tana Nile, akupezeka kuti si munthu. Ndi mtsamunda wochokera ku Rigel, kutali mumlengalenga, wabwera kudzalembetsa dziko lapansi ngati munda wake, mapepala onse ali m'manja. Thor akukwera chombo kupita ku Rigel, ndipo pofuna kuwombola dziko akuvomera kukalimbana ndi chinthu chimene a ku Rigel amachiopa. Chinthucho ndi Ego, pulaneti lamoyo, lokhala ndi nkhope ndi ndevu. Likuonekera kumapeto kwa nambala 132, ndipo tsamba limenelo Kirby sanalijambule ndi pensulo yokha, anadula zithunzi zenizeni n'kuzimata pamodzi. Pa 134 ndi 135 mukumana ndi High Evolutionary, wasayansi amene amasandutsa nyama kukhala anthu n'kuziveka zovala zankhondo zachitsulo. Pa 136 Odin akumuyesa Jane Foster ngati angakhale mulungu wamkazi. Akulephera, ndipo mulungu wamkazi Sif akulowa m'malo mwake ngati bwenzi la Thor.

Pitirirani mpaka 154 kufika 157, nkhani ya Mangog, chilombo chimene chasenza chidani cha mtundu wonse umene Odin anaufafaniza. Chikulunjika ku Asgard kuti chikasolole lupanga lalikulu la Odin, ndipo likangosololedwa chilengedwe chonse chitha. Odin mwiniwake ali m'tulo take tatitali. Pa 159 mudziwa zoona za Donald Blake: sanali munthu amene anatola mphamvu za mulungu, koma Thor weniweni amene Odin anamuika m'thupi lolumala kuti aphunzire kudzichepetsa. Pa 160 ndi 161 Galactus, wodya mapulaneti, akulimbana ndi Ego, ndipo pa 168 ndi 169 akufotokoza kumene anachokera.

Chenjezo: ngati mukugula Epic Collection, onani manambala amene alembedwa kuchikuto chakumbuyo. Mabukuwa sanatuluke motsatana, ndipo dzina la buku silikuuzani kuti muli chiyani. Limene mukufuna kwambiri ndi limene muli 131 mpaka 153, ndi linzake loyambira pa 154.

Sitepe 5: Yambani ndi zithunzi, mawu pambuyo

Ku Marvel nthawi imeneyo ntchito inkayenda chonchi: Kirby ankajambula nkhani yonse kaye, n'kulemba m'mphepete mwa pepala zimene zikuchitika, ndipo Stan Lee ankadzaika mawu pambuyo. Ndiye kuti nkhani ili m'zithunzi. Mukatsegula tsamba, yendetsani maso m'timabokosi tonse kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuchokera pamwamba kutsika pansi, osawerenga chilichonse. Mukamvetsa amene wamenya ndi amene wagwa, bwererani muwerenge mawu. Nthawi zina mupeza kuti mawu akukokera kwina pamene chithunzi chikunena zina, ndipo zikatero ine ndimakhulupirira chithunzi.

Yang'anitsitsani zinthu zitatu. Choyamba ndi timadontho takuda tounjikana timene Kirby ankagwiritsa ntchito posonyeza mphamvu ikuphulika kapena thambo lodzala nyenyezi. Chachiwiri ndi makina: mapaipi, mawaya ndi zitsulo zopindikapindika zimene palibe angafotokoze ntchito yake. Chachitatu ndi zisoti. Odin savala chisoti chimodzi kawiri kawiri, ndipo chilichonse chimaoneka ngati theka ndi korona, theka ndi injini. Kusakaniza kwa nthano ndi sayansi kuli m'zovala ndi m'nyumba zimenezi kuposa m'zoyankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho nambala imodzi kapena ziwiri pa tsiku n'zokwanira.

Chenjezo kwa owerengera pa foni: mapulogalamu ambiri amakuonetsani kabokosi kamodzikamodzi. Zimitsani zimenezo. Kirby ankakonza tsamba lonse ngati chinthu chimodzi, ndipo zithunzi zake zina zimadzaza masamba awiri. Mukafika pa zoterozo, gonekani foni cham'mbali. Koperani manambala angapo pamene muli pa Wi-Fi kuti bandulo isathere pa zithunzi.

Za Chingerezi chachikale musade nkhawa. Ngati munamvapo Baibulo la King James likuwerengedwa, muzolowera msanga. Mawu amene akukuvutani alumpheni, chithunzi chikuuzani.

Sitepe 6: Siyanitsani za m'nthano ndi za Marvel

Gawani tsamba la kakope pakati. Kumanzere muzilemba zimene nthano zakale zimanena, kumanja zimene komiki ikunena. Nthanozo zinasungidwa makamaka ku Iceland, m'ndakatulo zakale zotchedwa Edda ndi m'buku limene Snorri Sturluson analemba cha m'ma 1220.

Poyambira ndi izi. M'nthano, Thor ali ndi ndevu zofiira ndipo amayenda pa ngolo yokokedwa ndi mbuzi ziwiri, pamene wa Kirby alibe ndevu, tsitsi lake n'lachikasu, ndipo amauluka poponya nyundo n'kuigwirira. M'nthano, Loki anachita pangano la ubale wamagazi ndi Odin, pamene ku Marvel ndi mwana amene Odin anangomulera, m'bale wake wa Thor. Sif wa m'nthano ndi mkazi wa Thor, wa tsitsi lagolide. Wa m'komiki tsitsi lake n'lakuda ndipo ndi msilikali. Zoti nyundo anganyamule ndi munthu woyenera yekha anayambitsa ndi a Marvel. Mlatho wa utawaleza, Bifrost, ndi mlonda wake Heimdall, zimenezo ndiye n'za m'nthano zenizeni.

Osatenga kusiyanaku ngati zolakwika zoti muzikwiya nazo. Cholinga cha tsambali n'choti musadzakanganire pagulu zinthu za m'komiki ngati kuti ndi chikhulupiriro cha anthu akale a ku Norway.

Sitepe 7: Wolokerani ku DC

Mu 1970 Kirby anachoka ku Marvel n'kupita ku DC, kumene ankalemba yekha mawu ndi kujambula. Anayendetsa magazini anayi nthawi imodzi, onse ofotokoza nkhondo imodzi, ndipo pamodzi amatchedwa Fourth World: Superman's Pal Jimmy Olsen kuyambira pa 133, The Forever People, New Gods ndi Mister Miracle. Atatu omalizawa anayamba mu 1971.

Musanatsegule New Gods nambala 1, werenganinso masamba a Ragnarok aja. Tsamba loyamba la New Gods likuyambira pa imfa ya milungu yakale, ndipo dziko lawo likugawanika pawiri: New Genesis wobiriwira, wolamulidwa ndi Highfather, ndi Apokolips wa maenje a moto, wolamulidwa ndi Darkseid. Kampani ndi ina, mayina a Thor ndi Odin sakutchulidwa, koma wowerenga amene wachokera ku Asgard saphonya.

Mabuku a Fourth World Omnibus anasanja nkhanizi motsatira mmene zinkatulukira, kutanthauza kuti mumayambira pa Jimmy Olsen. Kwa woyamba kumene, njira imeneyo imasokoneza. Langizo langa ndi lakuti muwerenge New Gods 1 mpaka 11 kaye, kenako Mister Miracle mpaka 9, ndiyeno zinazo. Nambala yofunika kuposa zonse ndi New Gods 7. Pofuna kuthetsa nkhondo, mafumu awiri aja akusinthana ana: Orion, mwana wa Darkseid, akukaleredwa ku New Genesis, ndipo mwana wa Highfather akuperekedwa m'manja mwa Granny Goodness ku Apokolips, kumene akukula n'kukhala Scott Free, katswiri wothawa m'misampha wotchedwanso Mister Miracle. Mmene anathawira muzipeza mu Mister Miracle 9.

Lembani m'kakope mawu anayi awa ndi tanthauzo lake. Mother Box ndi kakompyuta kamoyo kamene kamachiritsa ndi kuteteza mwini wake. Boom Tube ndi njira yodutsira kuchoka dziko lina kupita lina. Source ndi gwero la zonse, limene Highfather amafunsirako nzeru. Anti-Life Equation ndi chinsinsi chimene Darkseid akufunafuna, chochotsera anthu onse ufulu wosankha.

Machenjezo awiri. Nkhaniyi ilibe mathero enieni, chifukwa DC inaimitsa New Gods ndi The Forever People pa nambala 11 mu 1972, ndipo Mister Miracle anathera pa 18. Kirby anadzayesa kuitseka mu The Hunger Dogs ya 1985, koma musayembekezere kuti mafunso onse ayankhidwa. Chachiwiri, mukaona nkhope ya Superman ikusiyana ndi zina zonse pa tsamba, maso anu ali bwinobwino: DC inkauza ojambula ena, monga Al Plastino ndi Murphy Anderson, kuti aziijambulanso.

Sitepe 8: Malizani ndi Eternals

Kirby atabwerera ku Marvel anayambitsa The Eternals mu 1976. Ndi manambala 19 ndi imodzi yapadera ya pachaka, ndipo zinatha mu 1978. Apa anatembenuza funso. Milungu yeniyeni ndi zimphona za mumlengalenga zotchedwa Celestials, zimene zinabwera kalekale n'kupanga mitundu itatu: anthu, Deviants ndi Eternals. Anthu akale ankaona Eternals n'kumawayesa milungu, ndiye Ikaris ndi Icarus, Sersi ndi Circe, Makkari ndi Mercury, Thena ndi Athena, Zuras ndi Zeus. Nkhani ikuyambira m'mabwinja a Ainka ku mapiri a Andes ku South America, ndipo chimphona Arishem chikuima kuti chiweruze dziko kwa zaka 50.

Maganizo oti alendo a mumlengalenga ndiwo anaphunzitsa anthu akale anali otchuka zaka zimenezo chifukwa cha mabuku a Erich von Däniken. Monga nthano, n'zokoma. Monga mbiri, n'zabodza: mizinda ya Ainka anamanga ndi Ainka eni ake.

Nayonso inadukira panjira. Olemba ena, kuyambira ndi Roy Thomas, anadzaimalizira mu Thor 283 mpaka 301, ndipo pachimake ndi nambala 300 ya 1980. Mukafuna zina pambuyo pake, pitani pa Thor 337 ya 1983, pamene Walt Simonson anayambira, ndi mlendo wa nkhope ngati ya hatchi, Beta Ray Bill, amene ananyamula nyundo ija.

Ngati mwapeza makomiki apepala

Tsegulani tsamba loyamba kapena kuseri kwa chikuto chakutsogolo n'kuwerenga timawu ting'onoting'ono ta m'munsi. Mmenemo ndi mmene muli dzina lenileni la magazini, nambala ndi chaka. Nkhani za Kirby zinasindikizidwanso kambirimbiri ndi zikuto zofanana ndi zoyamba, choncho musalipire ndalama zambiri chifukwa cha chikuto. Mtengo wolembedwa pachikuto umathandizanso: Thor wa m'ma 1962 mpaka 1968 ankagulidwa masenti 12 a ku America.

Pepala lake ndi la nyuzipepala, silichedwa kufiira ndi kuphwanyika. Sungani m'bokosi pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, osati pansi penipeni pamene chinyezi ndi chiswe zimafika. Likang'ambika lisiyeni choncho. Selotepi imasiya banga losachoka, ndipo labala womangira amadya pepala.

Zolakwika zimene ambiri amachita

Kuyembekezera za m'mafilimu. Loki wa m'makomikiwa ndi woipa basi, alibe nthabwala zokopa, ndipo Thor amathera nthawi yambiri akudandaula za chikondi chake ndi Jane Foster.

Kugula mabuku a Essential osadziwa kuti alibe mitundu. Ndi otchipa, ndipo ndi abwino kwa wofuna kuphunzira mizere ya Kirby, koma mlatho wa utawaleza wakuda ndi woyera si umene mumafuna. Palinso mbali ina: Tales of Asgard inatulukanso ndi mitundu yatsopano ya pakompyuta, chimodzimodzinso Omnibus ya Simonson. Yambani mwasuzumira mkati kuti muone ngati ndi zimene mukufuna.

Kumuimba mlandu Kirby pa zimene sanachite. Masamba ambiri a Thor anadetsa ndi inki ndi Vince Colletta, amene ankadziwika kuti pofulumira ankafufuta anthu ena ndi zinthu zakumbuyo. Yerekezani ndi manambala akumapeto a New Gods, amene anadetsa ndi Mike Royer motsatira pensulo mokhulupirika, muona kusiyana.

Kusokoneza makampani. Darkseid ndi wa DC, Thanos ndi wa Marvel, ndipo Thanos sanapangidwe ndi Kirby koma Jim Starlin, mu 1973.

Kuiwala kuti malipiro a pa intaneti amadzidula okha mwezi ukatha. Tsiku limene mwalembetsa, lembani deti lake pachikuto cha kakope kaja, ndipo ngati simukufuna kupitiriza, letsani kutatsala masiku awiri kapena atatu.